Kwa kampani imene inatitengera ku Cahora Bassa kukawedza: tiyankheni

Akuluakulu a kampani inu, ndabwera kudzalemba pano pa Facebook chifukwa foni ya ku ofesi kwanu ku Blantyre ikumangoitana, ndipo pa WhatsApp mauthenga mukuwerenga koma osayankha. Dzina lanu sinditchula lero, mukudzidziwa nokha. Ine ndine mmodzi wa gulu la ku Thyolo lija munalitengera ku nyanja ya Cahora Bassa, m'chigawo cha Tete ku Mozambique, kukawedza nsomba zikuluzikulu zotchedwa tiger ndi vundu.

Ndiyambe ndi kuchotsa chimene mwakhala mukubisalirako. Mtsikana wa pa ofesi panu, tsiku lokhalo limene anatiyankha, anati palibe kampani imene ingalonjeze munthu nsomba. Zoona zimenezo, ndipo sitikukangana nazo. Ife pa mbedza si ana. Ena tinakulira m'mbali mwa Nsuwadzi, ena ku Ruo, ndipo Loweruka lililonse mumatipeza pa madamu a m'maesiteti a tiyi tikuwedza bass ndi makumba. Tikudziwa kuti nsomba ilibe pangano ndi munthu, ukhoza kupsa ndi dzuwa tsiku lonse n'kubwerera ndi chidebe chouma. Koma inu simugulitsa nsomba. Mumagulitsa munthu wodziwa madzi, boti lodalirika, zida zoyenera, nyengo yabwino ndi mapepala a boma. Izi n'zimene zinalembedwa pa chikalata chanu, izi n'zimene tinalipira, ndipo mwa zonsezi tandiuzani chimodzi chokha chimene munatipatsa.

Tinagwirizana Okutobala. Sitinasankhe mweziwu mwachisawawa. Aliyense wodziwa Zambezi akuuzani kuti tiger imadya bwino nyengo yotentha, kuyambira Sepitembala mpaka mvula isanayambe, madzi ali oyera ndi ofunda. Ndi nsomba yosaka ndi maso, imafuna ione chimene ikuthamangitsa. N'chifukwa chake ngakhale mpikisano waukulu wa tiger ku nyanja ya Kariba, ku Zimbabwe, umachitika mu Okutobala. Ku Tete nthawi imeneyo kumatentha kupitirira madigiri 40, ife a kuno kozizira tinadziwa kuti tikavutika, koma tinavomera. Inu munayamba kusuntha tsiku. Koyamba munati loji yadzaza, kenako munati mukudikira ndalama zakunja ku banki, mpaka tinanyamuka mu Januwale, mvula ili pakati. Titafunsa ngati si bwino kudikira chaka chinacho, bwana wanu anati ku Cahora Bassa tiger ilibe nyengo, ndipo wosapita dipoziti yake yapita. Tinakapeza madzi ali ofiira ndi matope, zinyalala ndi mitengo zikuyandama, nsomba zambiri zitakwera m'mitsinje kukaikira mazira. Kodi bwana wanu sankadziwa zimenezi? Ngati sankadziwa, bizinesi imeneyi akuchita bwanji? Ngati ankadziwa, ndiye kuti anatinamiza dala.

Pa ndalama sindichulutsa mawu. Tonse tikukhala m'Malawi momwemuno, tikudziwa kuti chitsitsireni mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 dola ikusowa ndipo mitengo sikukhazikika. Mutatiuza kuti tiwonjezerepo tinawonjezera, osang'ung'udza. Lisiti ya ndalama zowonjezerazo mpaka lero sitinaione. Pa chipata cha Mwanza zinayenda bwino, koma titawolokera ku Zobue zinapezeka kuti minibasi yanu ilibe inshuwalansi ya mbali inayo, tinachita kusonkherana kuti tidutse. Tinawoloka mlatho wa Samora Machel ku Tete dzuwa litapendeka, makilomita pafupifupi 150 opita ku Songo tinayenda mumdima.

Zonsezi tikanazipirira. Chimene chandipangitsa kulemba ndi nkhani ya wotsogolera.

Chikalata chanu chinati boti lililonse likhala ndi katswiri amene wakhala pa nyanjayo zaka zambiri. M'mawa titafika pa doko tinapeza mnyamata wamaso ofiira ndi tulo, atavala malaya onunkha kapenta. Ankayankhula Chinyungwe, ife Chichewa, tinkamvana bwinobwino. Anatiuza yekha, mopanda kubisa, kuti ntchito yake ndi ya usiku pa maboti a kapenta aja amayatsa magetsi pakati pa nyanja, ndipo munthu wanu anangomupeza dzulo lake n'kumupempha kuti atiyendetse. Mnyamatayu ndilibe naye mlandu. Anali waulemu, injini ankaidziwa, ndipo anayesetsa kuposa wina aliyense wa inu. Koma kudziwa pamene kapenta amasonkhana usiku n'kosiyana ndi kudziwa pamene tiger yaikulu imabisala mbandakucha. Nyanja ija ndi yaitali makilomita pafupifupi 250. Pansi pake pali mitengo imene inamira damu litatsekedwa mu 1974, pali miyala, pali maphompho pamene madzi amazama mwadzidzidzi, pali mathiriro a mitsinje. Wotsogolera weniweni amadziwa kuti ndi mphepo iyi tiyime apa, dzuwa likakwera tisunthire apo, madzi akada tisiye masipina, nyambo zachitsulo zonyezimira zija, tiike mnofu wa nsomba. Nzeru imeneyo ndi imene munthu amachokera nayo ku Thyolo kukaigula. Ife tinkangozungulira, wina akaloza kuti tiyese uko, n'kupita uko.

Zida ndiye zinatichititsa manyazi ife eni. Munati tisanyamule kalikonse, zonse zilipo. Tinapeza ndodo zowedzera zopepuka, zoyenera makumba a pa damu, mbedza zadzimbiri, ndipo m'bokosi lonse munalibe ngakhale kachidutswa ka waya. Abale, tiger popanda waya? Kuli ngati kumutuma munthu m'munda wa tiyi wopanda dengu kumsana. Kwa anzanga amene simunaionepo: nsomba iyi, imene a ku Chikwawa ndi Nsanje amati mcheni, ili ndi mano aatali osongoka, akumwamba ndi akumunsi amalowana ikatseka kukamwa. Twaini wamba imadula kamodzi kokha. Pakati pa mbedza ndi chingwe pamayenera kukhala waya wachitsulo, ndipo mbedza ikhale yakuthwa kwambiri chifukwa m'kamwa mwake ndi fupa lokhalokha, yobuntha simalowa.

Alamu anga, bambo achikulire amene anasunga ndalama za penshoni chifukwa cha ulendowu, ndi amene anaona zimenezi ndi maso. Kunali m'mawa, pafupi ndi mitengo youma yotulukira pamwamba pa madzi. Ndodo yawo inapindika mwadzidzidzi mpaka nsonga kugunda madzi, chingwe chikutuluka molira. Kenako inadumpha, yonse kutuluka m'madzi, thupi lonyezimira la mizeremizere yakuda, mchira wofiira, ikupukusa mutu. Tonse m'boti tinakuwa. Itagwera m'madzi ndodo inawongoka. Alamu anakulunga chingwe pang'onopang'ono, n'kugwira nsonga yake, yodulidwa bwinobwino mosasiya nyenyeswa. Sanayankhule kanthu, anangoionetsa kwa ine. Kuti tiger ithawe ikadumpha n'zachizolowezi, akatswiri omwe amataya zambiri kuposa zimene amakweza m'boti. Koma kuitaya chifukwa kampani sinagule waya wa mtengo wochepa chotere, pamenepo ndiye pamawawa. Madzulo ake mnyamata uja anapita kwa wokonza njinga, anabwera ndi kebulo ya buleki, n'kuimasula timawaya tating'onoting'ono, n'kutimangira pa mbedza ndi pulayala. Umo ndi momwe ulendo umene munautcha wapamwamba unapezera zida.

Vundu sitinayese n'komwe. Ndi nsomba ya mtundu wa mlamba, yaikulu kuposa zonse za m'mitsinje ya chigawo chino cha Africa, imatha kupitirira makilogalamu 50. Imakonda m'maenje akuya, imadya kwambiri kukada, ndipo imafuna ndodo yolimba ndi chingwe chokhuthala. Owedza a ku Kariba amaikola ndi chiwindi, ena mpaka sopo wa buluu wochapira uja. Munalonjeza ulendo wa madzulo wa vundu. Boti linalibe nyali ngakhale imodzi, ndipo mnyamata anakana kutuluka, ndipo anachita bwino kukana.

Tsopano ndifike pa zimene zikanatha kukhala maliro. M'boti lathu munali majekete awiri okha oyandamitsa, limodzi long'ambika malamba. Tsiku lina masana kunauka mphepo, mafunde anayamba kulowa, injini n'kuzima. Nkhafi munalibe, nangula munalibe, netiweki ya foni kunalibe. Tinkakapa madzi ndi chigubu chodula pakati, mphepo ikutikankhira ku gombe la mabango kumene m'mawa womwewo tinaona mvuu ndi ng'ona zikuothera dzuwa. Mayi wina wa m'gulu lathu, amene sadziwa kusambira, anangogwira m'mbali mwa boti akupemphera. Anatikoka ndi asodzi a kapenta amene ankapita kukakonzekera za usiku, ndipo mafuta awo tinawabwezera ndife. Titamufotokozera munthu wanu ku loji, anaseka n'kunena kuti walira mvula walira matope. Mawu amenewo kuwauza anthu amene angopulumuka kumira? Ana athu kuno mukanawauza mwambi womwewo?

Mawa lake tinaimitsidwa pa doko ndi oyang'anira za usodzi, akufuna zilolezo. Ku Mozambique wowedza mwamasewera amayenera kukhala ndi chilolezo, ndipo pa mndandanda wa zimene tinalipira chinalembedwapo. Anthu aja sanatizunze, ankagwira ntchito yawo. Munthu wanu anapita pambali n'kumaimba foni yosatha, m'mawa wonse unapita, nthawi yeniyeni imene nsomba imadya, mpaka tinatulutsanso meticais m'matumba mwathu.

Chimene chandipsetsa mtima sabata ino ndi chithunzi chili pa tsamba lanu. Alamu anga anyamula tiger yaikulu, pansi mwalemba kuti makasitomala athu okhutira. Nsomba imeneyo sinaphedwe ndi mbedza. Munthu wanu anaigula kwa asodzi a maukonde tsiku lonyamuka, itauma kale maso, n'kuwapempha alamu kuti aigwire, akuti chikhale chikumbutso chabe. Lero mukukopa nacho anthu ena, pomwe pa tsamba lomwelo mukudzitama kuti nsomba zanu mumazibwezera m'madzi zamoyo. Ku tchalitchi ndi ku msika wa Luchenza anthu akumawayamikira bambo aja, iwo n'kumasowa poyang'ana. Munthu wamkulu, wa ulemu wake, mwamusandutsa mboni ya bodza lanu osamupempha.

Mwina mukuganiza kuti anthu a kumapiri sitidziwa tiger, ndiye chilichonse tilandira. Nsombayi ilipo konkuno. Kumunsi kwa mathithi a Kapichira, Shire yonse mpaka ku Chiromo kumene Ruo wathu amathira, asodzi amaipha. Mathithi ndi amene amaitchinga kuti isakwere kukafika ku nyanja ya Malawi. Tikanafuna tikanangotsetsereka ku Thabwa ndi ndalama ya mafuta yokha. Tinalipira zochuluka chonchi chifukwa m'nyanja za Zambezi imanenepa ndi kapenta, amene anachokera ku nyanja ya Tanganyika n'kuikidwa ku Kariba kumapeto kwa zaka za m'ma 1960, kenako n'kutsikira ku Cahora Bassa. Ku Kariba mu 2001 inagwidwa tiger yolemera makilogalamu 16. Sitinayembekeze yotero ife, tinkangofuna mwayi wachilungamo, ndipo mwayiwo ndi umene munatilanda.

Pa malo ogona ndi chakudya sitikudandaula. A pa loji anatisamalira, nsima ndi nsomba zinali zabwino, ndipo amenewo tinawathokoza pamaso. Sitikufuna ndalama zonse, ulendo tinayendadi. Tikufuna mutibwezere gawo la wotsogolera amene kunalibe, la zida, la ulendo wa vundu umene sunachitike, la zilolezo zimene tinalipira kawiri, ndi zimene tinasonkha pa Zobue. Mutipatsenso lisiti ya ndalama zowonjezera zija. Ndipo mnyamata wa kapenta uja, pamene tinkanyamuka anali asanalandire kalikonse kwa inu, tinangomusiyira kangachepe ife. Mulipireni.

Anzanga a ku Mulanje ndi Thyolo amene mwandiimbira kufunsa ngati mulembetse ulendo wa chaka chino, musanapereke dipoziti kwa wina aliyense funsani kuti wotsogolera ndani ndipo muyankhule naye nokha, akutumizireni chithunzi cha boti ndi majekete ake, tsiku lilembedwe pa pepala pamodzi ndi zimene zichitike akalisuntha. Waya ndi mbedza zanu nyamulani ngakhale atakuuzani kuti zilipo.

Inu a kampani, chikalata chanu, mauthenga onse ndi umboni wa ku banki tasunga, ndipo tonse a m'gulu lija tasayina kalata imodzi. Mwezi uno ukatha tisanamve kanthu, kalatayo ipita ku Competition and Fair Trading Commission, bungwe la boma loteteza ogula, ndipo pamenepo dzina lanu ndidzalilemba pano. Chithunzi cha alamu anga chokha musadikire kutha kwa mwezi, chichotseni lero.