Basi izioneka pa foni basi

Akonzi,

Ndati ndinenepo za ka GPS kamene amaika m'mabasi aka. Kamatumiza pomwe basi yafika pakangopita masekondi ochepa kudzera pa netiweki, iwe pa foni kapena pa sikirini ya pa siteji ukungoona kuti kwatsala mphindi 6, ndiye palibenso zoima pa dzuwa khosi lili tolotolo kusuzumira msewu. Ku London anayamba kalekale zimenezi. Nawonso eni mabasi zimawapindulira, pa kompyuta amaona basi ziwiri zikatsatana mphuno ndi mchira pomwe kumbuyoko anthu adzadza pa siteji, amangouza dalaivala mmodzi kuti ayambe wadikira kaye. Komatu kamanamanso nthawi zina, tsiku lina kanandiuza mphindi 2 ine n'kuima 20, netiweki itathawa.

Wowerenga wanu.