Kompyuta sinapeze chaka cha nkhondo ya ku Kurukshetra

Akonzi,

Ndiloleni ndiikepo mlomo pa nkhani imene imabwerabwera m'manyuzi yakuti akatswiri apeza, mothandizidwa ndi kompyuta, chaka chenicheni chimene inamenyedwa nkhondo ya ku Kurukshetra, ija yosimbidwa mu Mahabharata, ndakatulo yaitali yakale ya ku India. Chaka chake chiti? P.V. Vartak anawerengetsa malo a mapulaneti n'kupeza 5561 BC. Narahari Achar, pogwiritsa ntchito pulogalamu yoonetsa thambo lakale, anapeza 3067 BC. Buku ndi limodzi, thambo ndi limodzi, koma mayankho atalikirana ndi zaka pafupifupi 2,500.

Njirayo payokha si yabodza ayi. Dziko likamazungulira limapendeka pang'onopang'ono, motero nyenyezi zimene dzuwa limakhala pakati pake pa nyengo inayake zimasuntha digiri imodzi pa zaka pafupifupi 72. Munthu wakale akalemba bwino pamene panali dzuwa tsiku lalifupi kwambiri pa chaka, tingathe kuwerengera m'mbuyo. Vedanga Jyotisha, buku lakale la ku India la zakuthambo, imati tsikulo dzuwa linali pa nyenyezi za Shravishtha, ndipo zimenezi zikuloza cha m'ma 1400 mpaka 1200 BC. Komabe ngakhale apa, katswiri wa mbiri ya sayansi David Pingree anaika bukulo cha m'ma 400 BC, ndipo tizikumbukira kuti mlembi angathe kukopera zimene anaona makolo ake akalekale.

Tsono za Mahabharata n'zovuta kuposa apo. Mavesi amene anthu amawadalira kwambiri ali mu gawo la Bhishma Parva, pamene munthu wanzeru Vyasa akuchenjeza mfumu Dhritarashtra kuti tsoka layandikira. Akutchuladi kadamsana, mapulaneti, ndi nyenyezi ya Arundhati kupita patsogolo pa nyenyezi inzake ya Vasishtha. Koma pa mndandanda womwewo akunenanso za ng'ombe zobereka abulu ndi mafano a milungu akuseka ndi kusanza magazi. Amenewa ndi malodza, akonzi. Wolakatula ankafuna kuti womvera agwidwe nthumanzi, sanali kulemba kaundula wa zakuthambo. Nanga bwanji titenge za Arundhati ngati umboni, za abuluzo n'kuzisiya? Komanso mavesi ena amaika pulaneti imodzimodziyo pamalo awiri osiyana, ndiye wofufuza aliyense amasankha vesi lomukomera, lotsalalo n'kulimasulira mwina. Kompyuta imangoyankha funso limene yafunsidwa.

Tisaiwalenso kuti bukuli linakula kwa zaka mazanamazana, anthu osiyanasiyana akuwonjezera. Akatswiri a ku Bhandarkar Oriental Research Institute ku Pune anagwira ntchito kuyambira 1919 mpaka 1966 kuyerekezera mipukutu yambirimbiri, ndipo mavesi ochuluka anawaika pambali poona kuti analowetsedwa pambuyo pake.

Pempho langa n'lakuti atolankhani anu akamva wina akulengeza chaka chatsopano, azimufunsa kuti wagwiritsa ntchito mavesi ati, wataya ati, ndipo zokumba pansi, monga zimene B.B. Lal anafukula ku Hastinapura, likulu la mafumu a mu Mahabharata, kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1950, zikugwirizana naye kapena ayi.

Ine wowerenga wanu,
Mphunzitsi wopuma, Zomba