Mzukulu wanga ali ndi mizu ku El Salvador

Akonzi,

Ndiloleni ndiyankhule ndi Amalawi anzanga amene ana awo anapeza banja kunja kuno. Ku Maryland komwe ndimakhala kuli anthu ambiri ochokera ku El Salvador, ndipo mwana wanga wamkazi anakwatiwa ndi mmodzi mwa iwo.

Chaka chatha mzukulu wanga anabwera kuchokera kusukulu ndi pepala loti alembepo makolo ake. Kuchikazi sikunavute. Ndinamutchulira mfunda wathu, mudzi wathu ku Dedza, agogo ndi amalume awo. Atafunsa bambo ake, mkamwini wanga anangoti kakasi. Ankadziwa dzina la agogo ake aakazi basi. Si mphwayi ayi. Anachoka kwawo ku Chalatenango, kumpoto kwa El Salvador, ali kumsana, nkhondo yapachiweniweni ili mkati. Nkhondoyo inatha ndi pangano la ku Chapultepec mu Januwale 1992, itapha anthu pafupifupi 75,000. Mumtima munandiwawa kuona bambo akusowa chomuyankha mwana wake, ndiye ndinati tiyeni tifufuze.

Poyamba tinaphonya. Tinathamangira pa kompyuta, n'kulemba dzina la agogowo pa FamilySearch, tsamba laulere la pa intaneti lomwe lili ndi zithunzi za mabuku akale a matchalitchi. Panatuluka anthu a dzina lomwelo ochuluka ngati nyerere, wathu osadziwika kuti ndi uti. Tinangotseka.

Njira inatsekukira kukhitchini kwa asewele anga, mayi ake a mkamwini. Iwo akuumba pupusa, chakudya cha kwawo cha ufa wa chimanga choika nyemba ndi tchizi m'kati, ine ndikufunsa, mwana wanga akumasulira. Chaka chimene amayi awo anabadwa sankachidziwa. Koma nditafunsa kuti ankabatiza ana kutchalitchi chiti, chikondwerero cha woyera mtima wa tauni yawo chinkachitika mwezi wanji, anawaimira paubatizo ndani, zonse zinatuluka ngati zadzulo. Langizo langa lalikulu ndi limeneli: musanakhudze kompyuta, khalani pansi ndi wamkulu wa m'banjamo mupeze dzina la parishi. Mufunse mofatsa. Ena anaona zoopsa pankhondo, ndipo a kumadzulo monga ku Izalco ali ndi bala lakale la 1932, pamene asilikali a Maximiliano Hernández Martínez anapha eni nthaka miyandamiyanda, otsala ambiri n'kusiya chilankhulo chawo cha Chinawati ndi mavalidwe awo chifukwa cha mantha.

China chimene chinandizunguza mutu ndi mayina. Kumeneko munthu amatenga mayina awiri a makolo, loyamba la bambo, lachiwiri la mayi. Arkiepiskopi wa ku San Salvador, likulu la dzikoli, amene anaphedwa mu 1980 dzina lake lonse ndi Óscar Arnulfo Romero y Galdámez: Romero ndi bambo, Galdámez ndi mayi. Ine Mchewa zimenezi zinandikomera, chifukwa mayi satayika m'buku. Mkazi akakwatiwa dzina la bambo ake limakhalapobe, ndipo akafuna amawonjezera "de" ndi dzina la mwamuna. Choncho pofufuza agogo aakazi musawafune ndi dzina la amuna awo.

Zikalata za boma za kubadwa, ukwati ndi imfa zimasungidwa ku alcaldía, ofesi ya meya wa tauni, m'chigawo chotchedwa Registro del Estado Familiar. Koma nthawi ya nkhondo maofesi ambiri oterewa anatenthedwa pamodzi ndi mabuku ake, ndipo ya kwawo kwa asewele inali imodzi mwa iwo. Moto si wachilendo pa nkhaniyi: mu 1889 Palacio Nacional, nyumba yaikulu ya boma ku San Salvador, inapsa ndi zikalata zaboma zambirimbiri. N'chifukwa chake mabuku a ansembe ali ofunika chonchi. Dziwaninso kuti mu 2024 matauni 262 anaphatikizidwa kukhala 44, ndiye fufuzani ndi dzina lakale limene akuluakulu amatchula. Amene mwayi ungawafikitse kumbuyo kwa 1821, chaka chimene ulamuliro wa Aspanya unatha, adzaloza ku Guatemala, ku nyumba yosungira zikalata zakale ya Archivo General de Centro América, poti nthawi ya Aspanya dzikoli linkalamulidwa kuchokera kumeneko.

Titadziwa parishi tinabwerera pa FamilySearch. Buku lathu linali lisanaikidwe m'ndandanda wa mayina, motero tinavundukula tsamba ndi tsamba, mausiku atatu, maso akuwawa ndi inki yofufuma ndi zolemba zopendekera za wansembe. Usiku wachitatu mkamwini anandigwira mkono: "Apongozi, taonani apa." M'mphepete mwa tsamba munali dzina la agogo ake. Pakati panalembedwa "hija natural de", kenako dzina la mayi lokha, kutanthauza mwana wobadwa makolo asanamange ukwati. Dzina la bambo panalibe. Ndinachita mantha kuti asewele akhumudwa. Iwo anavala magalasi, n'kuyandikira sikirini, n'kuika chala pa dzina la mayi amene anaimira mwanayo paubatizo. Anati ameneyo ndi yemwe analera amayi awo, manda ake amawadziwa. Anakhala chete kanthawi, misozi ikulengeza, kenako anayamba kutchula abale ena asanu amene sanawatchulepo zaka zonsezi. Mzukulu wanga ankalemba, pensulo ili gwa m'manja.

Titamaliza, mkamwini anandifunsa kuti nanga pepala la agogo anga lili kuti. Ndinalibe. Zonse ndimasunga m'mutu, ndipo mutuwu wayamba imvi. Agogo anabatizidwira ku Mua, mishoni imene Azibambo Oyera anatsegula mu 1902. Ndikabwera kumudzi dzinja likatha ndikapempha ansembe kumeneko andionetse buku la ubatizo, ndipo mzukuluyu ndamulonjeza kuti tidzapitira limodzi.

Ndine wowerenga wanu,
Gogo wa ku Dedza, wokhala ku Maryland