Tiyambe taika maliro, ngongole tidzawerengerana mawa

A Mkonzi,

Ndiloleni, mwezi uno wa Ogasiti 2025, ndiikepo mlomo pa nkhani ya maliro a malemu a Edgar Chagwa Lungu, mtsogoleri wakale wa dziko lathu la Zambia, ngakhale ndikudziwa kuti makutu a anthu atopa nayo. Ine si wandale. Ndimagulitsa mbewu ndi mankhwala a kudimba pa msika wa Kapata kuno ku Chipata, ndipo kumpingo kwathu ndine mmodzi mwa anthu amene amapatsidwa kapepala kuti awerenge mbiri ya malemu kumanda. Ntchito yachiwiriyi ndiyo yandigwiritsa cholembera.

Uthenga unatipeza pamsika Lachinayi pa 5 Juni 2025. Foni imodzi inayenda m'manja mwa anthu oposa khumi, aliyense akufuna kudzionera yekha mwana wa malemu, a Tasila, akulengeza kuti atate awo atisiya kuchipatala ku Pretoria. Amayi amene amagulitsa nyemba ndi kapenta moyang'anana ndi ine anangoti khwaa pa thumba, n'kudzifunda chitenje kumutu, kulira ngati wamwalira ndi mlongo wawo. Chapafupi pomwepo panali mnyamata wa njinga, zija zonyamula anthu ndi katundu. Iye sanavine, sanaseke. Anangokweza shati n'kutionetsa chipsera cha panthiti, nati, "Amama, nanga ine ndilire chiyani?" Chipseracho tonse timachidziwa. Anam'menya ndi anyamata ena ovala malaya a chipani zaka zija, atakana kupereka ndalama ya malo pamene ankaimika njinga yake. Amayi aja anavundukula chitenje n'kumunena kuti ndi mwana wosalangidwa, woseka maliro. Ine ndinali pakati ndi sikelo m'manja, kusowa woti ndim'letse.

Mpaka lero sindinapeze wolakwa pa awiriwa. Amayi aja ali ndi zifukwa zawo. A Lungu anabadwira ku Ndola, koma mizu yawo ndi ya ku Petauke, ndipo ambiri kuno anawavotera mu 2015 ndi 2016 pa mawu aja akuti "wako ni wako". Ndi iwo amene anakweza Chipata kukhala mzinda pa 24 Febuluwale 2017. Ndi mu ulamuliro wawo momwe Chipangali, Kasenengwa, Lumezi, Chasefu ndi Lusangazi zinakhala maboma paokha, anthu n'kusiya kuyenda mtunda wautali chifukwa cha chidindo chimodzi. Amayiwo amawerenganso mtengo wa thumba la unga, wa nthawi ija ndi wa lero, ndipo masamu a m'khitchini sutsutsana nawo. Ndiwonjezereko changa: atagonja mu Ogasiti 2021 ndi mavoti pafupifupi miliyoni imodzi, a Lungu anavomera n'kupereka mpando. Tikayang'ana maiko ena a mu Africa muno, chimenecho si chinthu chochepa.

Koma mnyamata uja nayenso sananame. Makada, anyamata a chipani cholamula, analanda misika ndi masiteshoni a mabasi m'dziko muno, ndipo apolisi ankayang'ana kumbali. Nyuzipepala ya The Post inatsekedwa mu 2016, Prime TV mu 2020. A Hakainde Hichilema, amene panthawiyo anali mtsogoleri wa chipani chotsutsa, anakhala m'ndende miyezi inayi mu 2017, mpaka ku Mukobeko, pa mlandu woukira boma umene unachokera pa kusapatukirana kwa magalimoto pa msewu wa ku Mongu. Mu Novembala 2020 dziko linalephera kubweza ngongole zake zakunja, ndipo goli limenelo tikulisenzabe. Pa tsiku lovota mu 2021 WhatsApp ndi Facebook zinazima. Munthu amene anapyola m'zimenezi ndi thupi lake sungamuuze kuti alire mokweza chifukwa mbendera yatsitsidwa.

Tsono ndifotokoze zimene ndaphunzira pa kapepala ka mbiri. Zaka zingapo zapitazo ndinapatsidwa mbiri ya bambo wina wa m'dera lathu. Mudzi wonse unkadziwa kuti ankamenya akazi ake, ndiponso anasiya ngongole paliponse, ngakhale kwa ine anatenga mbewu ya chimanga osalipira. Ndinaima pamutu pa dzenje, adzukulu atatsamira makasu awo, ndipo ndinawerenga chaka chimene anabadwa, kumene anabatizidwa, ntchito imene ankagwira, ana amene wasiya. Sindinanene kuti anali mngelo, pakuti amayi amasiye anali pamphasa patsogolo panga ndipo akanadziwa kuti ndikunama pamaso pa Mulungu. Sindinatchulenso za nkhonya. Nkhata zitaikidwa, mwini mbumba anaimirira nanena mawu amene timawamva pa maliro alionse kuno kwathu: aliyense amene malemu anali naye ngongole, kapena amene ali ndi ngongole kwa malemu, abwere mawa adzaonane ndi akubanja. M'mawa mwake tinakhala pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa siwa, ndipo pamenepo zonse zinatuluka. Alongo ake a mayi wamasiye analankhula mpaka mawu anasasa. Ine ndinatchula za mbewu yanga. Abale a malemu anamva zowawa, ena anakana, ena anapepesa, mbuzi imodzi inagulitsidwa. Koma munthuyo anali atagona kale m'nyumba yake yomaliza.

Makolo athu sanali opusa poika zinthu m'ndondomeko imeneyi. Ankati mlandu suola, ndiye ungathe kudikira. Mtembo sudikira. Ndipo wolakwiridwa amatha kudziletsa kumanda chifukwa akudziwa kuti tsiku lake lolankhula lilipo, mawa lomweli.

Pa maliro a a Lungu tasokoneza zonse ziwiri. Kuika sitinaike, ndipo kukhala pansi pa mtengo sitinakhale. Ku Lusaka kunali masiwa awiri, la boma ku Belvedere Lodge, la chipani cha malemu cha PF ku likulu lawo. Mawailesi anatiimbira nyimbo za maliro masiku ambiri, mtembo n'kumayembekezeka pa 18 Juni, koma sunabwere. Pa 19 Juni a Pulezidenti Hichilema anathetsa nthawi yolira. Pa 25 Juni anamfedwa atavala kale zakuda ku Johannesburg, kumene akubanja anafuna kuika malemu, khoti la ku Pretoria linaimitsa mwambo woika, boma lathu litakadandaula kudzera mwa loya wake wamkulu, a Mulilo Kabesha. Pa 8 Ogasiti khoti lomwelo linagamula kuti mtembo ubwere kuno, akubanja nawo anati achita apilo. Pofika tsiku limenelo miyezi iwiri inali itatha munthu ali mufiriji m'dziko la eni, oweruza achilendo akutiuza kumene tiike mtsogoleri wathu. Anzathu a ku Mchinji tikakumana nawo pa Mwami amatifunsa kuti, "Kodi kwanuko akuluakulu anatha?" Ine ndimangoweramitsa mutu.

Ndipo si koyamba. Achikulire a kuno akukumbuka Ogasiti 2008, pamene mtembo wa a Pulezidenti Levy Mwanawasa unkazungulira zigawo n'kufika ku Chipata kuno. A Michael Sata, mtsogoleri wa PF panthawiyo, anabwera kudzakhuza, ndipo a Maureen Mwanawasa anawabweza pamaso pa anthu. Nthawi imeneyo a PF ndi amene anadandaula kuti pa maliro sathamangitsa munthu. Mu 2021 a Kenneth Kaunda atamwalira, ena mwa ana awo anapita kukhoti kuti atate awo akagone pafupi ndi mayi Betty monga ankafunira. Boma linakana n'kuwaika ku Embassy Park, manda a atsogoleri a dziko ku Lusaka, ndipo wolamulira nthawi imeneyo anali a Lungu omwewa. Lero chigamulo chomwecho ndicho chatembenukira banja lawo. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Amene ali pampando lero achite bwino kuwerenga mzere umenewu kawiri.

Maganizo anga ndi awa, ndipo ndikudziwa kuti sakondweretsa mbali iliyonse. Akubanja, kudzera mwa a Makebi Zulu amene anakhalapo nduna ya chigawo chathu chino, akuti malemu anasiya mawu oti a Hichilema asayandikire mtembo wawo. Kwathu kuno mawu a wakufa timawaopa. Tikudziwanso kumene mkwiyowo unachokera: kulandidwa zoyenera za mtsogoleri wopuma atabwerera m'ndale mu 2023, apolisi kuwaletsa kuthamanga m'mawa ndi owatsatira, akazi awo ndi ana kukokeredwa kumakhoti. Kaya milanduyo ndi yoona kaya ayi, oweruza ndiwo adzanene, koma bala lilipo. A Pulezidenti akanataya chiyani akanati, "Ndamva, ine ndikhala kunyumba, apite wachiwiri wanga, amayi Mutale Nalumango, m'malo mwanga"? Asilikali akanaomba mfuti zawo chimodzimodzi, mbendera ikanafunda bokosi chimodzimodzi. Kumudzi munthu amene anakangana ndi malemu amatumiza chipepeso, nkhuku kapena unga, iye n'kukhala patali pa chitsa. Palibe amene amamuyesa wamantha. Timati ndi munthu wodziwa mwambo.

Akubanja nawonso ndiwapemphe mwaulemu. Amayi Esther Lungu ndi ana, chisoni chanu palibe angachilande. Koma munthu amene analamulira dziko zaka pafupifupi zisanu ndi ziwiri sali wa nyumba imodzi. Amayi a nyemba aja sadzakwanitsa tikiti ya ku Johannesburg moyo wawo wonse, koma basi ya ku Lusaka angathe kukwera, n'kukagwada pamanda pafupi ndi mtsogoleri wakale a Rupiah Banda, mwana wina wa kum'mawa kuno amene tinamuika mu 2022 popanda phokoso. Ndiponso andale ena amene azungulira banjali maso awo ali pa chisankho cha 2026, osati pabokosi. Amenewo muwachenjerere.

Kwa achinyamata a pa Facebook ndinene mwachidule. Kujambula zithunzi zoseka mtembo ndi uchitsiru, ndipo mphekesera zoti boma likufuna mtembo kuti lichite nawo zizimba, kapena zoti munthuyo sanafe n'komwe, zikungowonjezera mchere pabala la ana amasiye. Kuseka pa maliro kuli ndi eni ake. Achimbuya athu Abemba, amene mwambo umatilola kusekana nawo, akabwera pa maliro a Mngoni kapena Mnsenga amatithira unga kumutu, kutinena kuti malemu watsamwa ndi mbewa, ife n'kuseka misozi ili m'masaya, mbale ya ndalama ikuyenda. Kumeneko n'kuseka kopepuza mtolo, ndipo amene akusekayo ndi yemwe wagona panja pamoto usiku wonse n'kukumba nawo manda. Inu amene mukuseka muli pabedi ndi foni, mwatola nkhuni zingati?

Koma chimene chikundivuta kwambiri ndi mbali ina, ya anthu amene akuti wakufa sanenedwa, ndiye tonse titseke pakamwa mpaka kalekale. Ayi. Mwambo umati tisanene kumanda, sunati tisadzanene konse. Dziko lino lili ndi chizolowezi choti mtsogoleri ali moyo timamutukwana, akangofa timamusandutsa woyera, ndipo zimene analakwa sitiphunzirapo kanthu. A Frederick Chiluba tinawakokera kukhoti zaka zambiri, atamwalira mu 2011 tinangokwirira zonse pamodzi ndi bokosi. N'chifukwa chake boma lililonse latsopano limayamba ndi kulonjeza kuti za makada ndi kumanga otsutsa zatha, pakapita zaka zitatu fungo lomwe lija layambanso. Mnyamata wa chipsera uja akufunika tsiku lake pansi pa mtengo wa mango. Afunsidwe anam'menya ndani, anawatuma ndani, ndipo wina apepese. Amayi aja nawonso apatsidwe mpata wonena zabwino zimene anaona popanda wina kuwatcha mbuli. Tsiku limenelo silingafike mtembo uli pamtunda, chifukwa aliyense wolankhula panopa amaoneka ngati akumenya maliro.

Ndikupempha mafumu athu aakulu, Kalonga Gawa Undi ndi Nkosi yama Nkosi Mpezeni, pamodzi ndi atsogoleri a mipingo, kuti asatope kuyenda pakati pa nyumba ziwirizi monga ankhoswe. Aphungu athu nawo, akakhalanso ku Nyumba ya Malamulo, alembe lamulo lomveka bwino lonena kuti mtsogoleri wopuma akamwalira, gawo la boma ndi liti, gawo la banja ndi liti, ndipo mawu amene mwini wake anasiya alemera bwanji. Alilembe panopa onse akadali moyo, pakuti palibe akudziwa amene lidzayambe kumugwira.

Pamsika pathu mnyamata uja amanyamulabe thumba la nyemba la amayi aja m'mawa uliwonse kuchokera ku Saturday Market. Nkhani ya a Lungu sanaiyambenso. Dzana kunazizira, ndipo ndinamva amayiwo akumufunsa, uku akumasula mfundo ya chitenje kuti amulipire, ngati nthiti ija imapwetekabe kukachita mphepo. Iye anati imapweteka.

Ine wanu wowerenga,
Wogulitsa mbewu,
Kapata, Chipata