Mfule uja sanagulitsidwe, ndipo ndamva za dzina la kwanuko

Wokondedwa mnzanga,

Ndikhulupirira uli bwino kumeneko pamodzi ndi alamu ndi ana. Kuno tilipo, kungoti dzuwa la ku Ngabu ukulidziwa, madzi a mumtsuko akumachita kufunda ngati awateleka. Mayi ako ndinawaona Lamulungu potuluka m'tchalitchi. Mwendo uja wayamba kuwalola kuyenda, ndipo ndalama unatumiza zija analandira.

Nkhani ya mfule uja ndiye yavuta. Unandituma kuti ndimugulitse tipeze fizi ya mwana wa mlongo wako, koma pakadali pano sizitheka. Matenda a zilonda za m'kamwa ndi m'mapazi abweranso kuno kuchigwa, misika ya ziweto atseka. Palibe kutulutsa ng'ombe, mbuzi, nkhosa kapena nkhumba, ngakhale nyama yapambale. Pamsewu aika chotchinga. Galimoto ikafika akumapopera matayala, anthu nonse kutsika, kukaponda pachiguduli chonyowa ndi mankhwala, ndiye muzipita. Mabutchala angokhala manja lende, anyamata a kanyenya aja ziwaya anavundikira.

Matendawo ndawaona ndi maso anga m'khola la aneba athu akuseri kwa chigayo. Mkota wawo wamkulu uja wangoima pamodzi, dovu lili chuchuchu ngati ulusi, ukafuna kuponda ukuchita ngati pansi pali makala. Tinautsegula kukamwa, lilime lonse lasupuka. Mkotawo uchira, poti matendawa ng'ombe zikuluzikulu sakonda kupha, koma kathole kake kanafa usiku umodzi, ndipo mkaka waphwa. Mwini wake anakhala pachipika tsiku lonse osayankhula ndi munthu.

Tsono Lachitatu usiku kunabwera mkulu wina wogula ng'ombe. Akuti ali ndi njira zake zodutsa m'tchire, akhoza kumutulutsa mfule wako mbandakucha nkukamukweza galimoto patsogolo. Mtengo anatchula ndi theka la umene tikanapeza kumsika. Ndinamukaniza. Ng'ombeyo ndi yako, ndiye uyenera kumva chifukwa chake, koma undilole ndizungulire pang'ono, chifukwa nkhaniyi yandifikitsa mpaka pakhomo pako ku Kimberley, ku South Africa.

Ukuwakumbukira madala aja anali alangizi a ziweto, amene anapuma ntchito ife tili ku sekondale? Ndinawapeza pansi pa mtengo wa nimu, ndili ndi mkwiyo wanga wa misika yotsekedwayi. Pocheza anafunsa za iwe. Nditati umakhala ku Galeshewe, dera la mu Kimberley, anandiyang'ana nkufunsa ngati ndikudziwa mwini dzinalo. Ine ndinkayesa ndi dzina la malo basi. Anandifotokozera mpaka dzuwa kupendeka, ndipo usiku ndinakawerenga ndekha pafoni mpaka bandulo kutha.

Nkhani yake ikuyambira kutali. Mu 1887 asilikali a ku Italy anatsitsa ng'ombe zochokera ku India padoko la Massawa ku Eritrea, ndipo zinabwera ndi mliri wa rinderpest. Umenewu sunali ngati wathu wa zilondawu. Ng'ombe inkatentha thupi, misozi ndi mamina kuyenderera, m'kamwa zilonda, kenako kutsegula m'mimba koopsa, sabata imodzi kapena ziwiri yafa. M'madera ambiri pa ng'ombe 10 zilizonse inkatsala imodzi. Njati, mphalapala ndi njiri nazo zinkagwa m'tchire. Ku Ethiopia kunagwa njala yaikulu poti zolimira zinatha, Amasai anatsala pang'ono kutheratu. Cha mu 1892 mliriwo unafika kumpoto kwa nyanja yathu, nkusesa makola a ku Karonga. Mtsinje wa Zambezi unautchinga kwa zaka zingapo, koma kumayambiriro kwa 1896 unawoloka, ndipo pofika Malichi unali ku Bulawayo.

Nthawi imeneyo njanji inali isanafike ku Bulawayo. Katundu yense ankayenda pangolo zokokedwa ndi ng'ombe, kudzera ku Palapye mpaka ku Mafeking, ndipo msewu womwewo ndi umene mliri unatsata polowera kummwera. Ngolo zinangotsala m'njira ndi katundu wake, ng'ombe zitafera m'goli.

Maboma a atsamunda anachita zimene ankadziwa. Analetsa kuyendetsa ng'ombe, anaika alonda m'malire, nalamula kuti gulu lililonse limene lakhudzana ndi ng'ombe yodwala liwomberedwe lonse, zodwala ndi zamoyo zomwe. Boma la Cape linamanga mpanda wa waya waminga wa makilomita pafupifupi 1,600 motsata mtsinje wa Orange, apolisi akulondera usana ndi usiku. Munthu wakuda akafuna kudutsa ankamusambitsa mankhwala nkumufukiza zovala. Ndikaponda pachiguduli chathu chija tsopano ndimakumbukira zimenezi.

Ine sindinganene kuti kutseka njira kunali kupusa. Mankhwala kunalibe, katemera kunalibe, ndipo matendawo ankayendadi ndi ng'ombe, pomwera madzi pamodzi ndi pogona khola limodzi. Chimene chikundiwawa ndi dzanja limene linagwira mfutiyo. Taganiza Andebele. Pa nkhondo ya 1893 kampani ya Cecil Rhodes inawalanda ng'ombe zambirimbiri. Patangopita zaka zosakwana zitatu, azungu omwewo akubwera kudzawombera zotsalazo, zina zikudya msipu bwinobwino, nkumati tikukuthandizani. Ndani akanakhulupirira? Anthu ambiri ankati matendawo abwera nawo dala azungu kuti akuda asauke akagwire ntchito kumigodi. Mwezi womwewo wa Malichi 1896 Andebele anaukira. Zifukwa zinali zambiri, malo, chibalo, nkhanza za apolisi, koma za ng'ombezi zinali pakati penipeni.

Tsopano ndifike kwanuko. Galeshewe anali mfumu ya Atlhaping ku Phokwane, kumpoto kwa Kimberley. Dera lawolo linali litangoperekedwa m'manja mwa boma la Cape mu 1895, ndipo anthu anali atapanikizidwa kale m'malo ochepa amene anawasiyira. Chakumapeto kwa 1896 ng'ombe 17 zinadutsa malire a malowo, apolisi nkuziwombera potsata lamulo la mliri. Ng'ombe 17 zokha, mnzanga, zosakwana ndi khola la malemu bambo ako lija. Koma iwe ndi ine tinakulira kubusa, tikudziwa kuti ng'ombe iliyonse ili ndi dzina, ili ndi mwini wake, ina ndi ya malowolo, ina anasungitsa m'bale. Anthu a ku Phokwane anakana kuti apolisi alowenso m'dera lawo, mfuti zinalira, boma linatumiza asilikali. Galeshewe anathawira kumapiri a Langeberg, komwe anagwirizana ndi mafumu anzake Luka Jantjie ndi Toto. Anawazinga kumeneko miyezi yambiri mpaka Ogasiti 1897. Luka Jantjie anaphedwa, Galeshewe anagwidwa nkulamulidwa kukhala m'ndende zaka 10, malo awo analandidwa, ndipo anthu pafupifupi 2,000, amayi ndi ana omwe, anatengedwa kukagwira ntchito yokakamiza m'mafamu a azungu kufupi ndi Cape Town. Adiresi imene ndimalemba ndikamakutumizira katundu ili ndi dzina la munthu ameneyo.

Mpanda uja sunathandize. Mu Malichi 1897 mliri unapezeka kutsidya kwa Orange, ndipo pomatha kummwera kwa Africa kunafa ng'ombe pafupifupi 2.5 miliyoni. Chimene chinayamba kupulumutsa ziweto chinatulukira mu Kimberley momwemo. Boma la Cape linaitanitsa dokotala wa ku Germany, Robert Koch, amene anafika kumapeto kwa 1896, ndipo mu Febuluwale 1897 analengeza kuti ukatenga ndulu ya ng'ombe yofa ndi mliriwo nkubaya yamoyo, yamoyoyo imatetezeka kwa kanthawi. Njirayo inali ndi zovuta zake, ena monga Arnold Theiler anakonza ina yogwiritsa ntchito madzi a m'magazi, koma kuyambira pamenepo vetenale ankatha kufika pakhola atanyamula jakisoni m'malo mwa mfuti. Madala aja pofotokoza apa anachita kuimirira. Anati pa zaka zonse za ntchito yawo, mudzi umene unawalandira bwino ndi umene anayamba afikako ndi katemera asanafikeko ndi chiletso.

Anandikumbutsanso za dibi. Ukukumbukira tinkadzuka m'mamawa kukusa ng'ombe, zikulumphira m'madzi onunkha aja, ife tikukuwa kumbuyo? Nazonso zinachokera ku malamulo a nthawi yomweyo. Makola atatha ndi rinderpest, anayamba kuitanitsa ng'ombe zina kudzera padoko la Beira, ndipo cha mu 1901 zinabweretsa chigodola ku Southern Rhodesia, Zimbabwe ya lero, chimene chinafalikira mpaka ku South Africa. Atazindikira kuti chimayenda ndi nkhupakupa, anakhazikitsa lamulo lokakamiza kusambitsa ng'ombe kudibi. Linagwira ntchito, moti ku South Africa chigodola chinatha m'zaka za m'ma 1950. Koma mu 1959 amayi a ku Natal anaphwanya madibi ambiri, chifukwa ndiwo ankakakamizidwa kutunga madzi odzazamo popanda malipiro, komanso padibi ndi pomwe boma linkawerengera ng'ombe za anthu pofuna kuzichepetsa. Ku Namibia ndiye mzere umene Ajeremani anaika poopa rinderpest ulipobe mpaka lero, amautcha Red Line, ndipo alimi a kumpoto kwake amavutika kugulitsa nyama kumisika imene anzawo a kummwera amagulitsako. Rinderpest yeniyeniyo analengeza mu 2011 kuti yatha padziko lonse, koma mpanda wake udakaima.

Ndiye ndinabwerera kunyumba mkwiyo wanga utasintha malo. Chiletso cha kunochi ndikuchivomereza. Tili pafupi ndi njati za ku Lengwe, zimene zimasunga kachilomboka osadwala, ndipo ng'ombe imodzi yotuluka usiku ikhoza kukagwetsa makola a anthu a ku Thyolo kapena ku Lilongwe amene sanatilakwire kanthu. Palibe amene akuwombera ng'ombe zathu, ndipo otiletsawo ndi ana athu omwe. Chimene ndikudandaula nchakuti lamulo linafika pawailesi ndi pachotchinga, koma pabwalo la mfumu palibe amene wabwera kudzakhala pansi ndi eni ng'ombe, kuwauza kuti zitenga nthawi yotani ndipo katemera afika liti. Munthu wosauzidwa kanthu amayamba kumvera mphekesera. Kale ndamva ena akunena kuti chiletsochi achikonza dala kuti eni mafamu akuluakulu agulitse okha nyama m'tauni. Mawu amenewo anandiopsa, chifukwa ndi omwe aja ankanenedwa mu 1896. Ndipo wopindula ndi mkulu wa usiku uja, amene akugula ng'ombe za anthu osowa pogwira pa theka la mtengo.

Mfule wako ali bwino, akudya, m'kamwa ndi m'ziboda ndikumamuyang'ana m'mawa uliwonse. Ndamupatula pamodzi ndi zanga zinayi, sizikupitanso kumwera kudambo ndi za anthu ena. Madzi tikumatunga pamjigo m'zigubu, mnyamata wanga akumakoka panjinga kawiri patsiku, ndipo mapesi a mapira ndinasunga aja ndi amene akutithandiza.

Za fizi usade nkhawa kwambiri. Ndili ndi matumba atatu a chitowe amene ndimadikira kuti mtengo ukwere, ndigulitsa awiri ndikalipireko theka, ndipo aphunzitsi aakulu ndikakambirana nawo Lolemba kuti yotsalayo atidikire. Udzandibwezera misika ikatsegulidwa. Koma ngati ukuona kuti ndalakwa pomukaniza mkulu uja, undiuze mosabisa, poti chuma ndi chako. Ungodziwa kuti ine sindidzamutsegulira khola usiku.

Ukapeza mpata ufunseko achikulire a kumeneko za mfumu Galeshewe, makamaka olankhula Chitswana, undiuze mmene iwo amaifotokozera nkhani ya ng'ombe zija. Madala aja akufunitsitsa kumva, andiuza kuti ndikalandira yankho lako ndikawawerengere.

Upereke moni kwa alamu ndi ana. Uyankhe mwezi uno usanathe.

Ndine mnzako wa kubusa,
ku Ngabu