Shedi ya manyowa pasukulu yathu yagwa, tithandizeni abale

Achimwene ndi achemwali nonse amene munaphunzira pano, kaya muli mtauni momuno, ku Blantyre kaya ku Joni, ndife a komiti ya sukulu. Mvula yamkuntho ija yagwetsa shedi ya manyowa kuseri kwa buloko ya sitandade 8, malata apindika, milu yonse ili pamtetete.

Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 feteleza anangouluka, tinaona kuti munda wa sukulu ufa ndipo phala la ana lithera pomwepo. Ndiye tinayamba kututa zotaya za m'mafakitale a ku Kanengo, masese a mowa, makoko a mtedza, utuchi, n'kumasakaniza ndi zitosi za nkhuku. Azimayi pamutu, anyamata panjinga, palibe analipidwa.

Amene amaphika manyowawo si ife ayi, ndi tizilombo tosaoneka ndi maso, mabakiteriya ndi nkhungu. Tizilomboti tikapeza mpweya ndi chinyezi chokwanira timadya zinyalalazo mpaka mulu kutentha madigiri 55 mpaka 65, mukazika chikwanje pakati chimatuluka chamoto, ndipo kutenthako ndi komwe kumapha njere za udzu ndi tizilombo ta matenda ta m'zitosi. Koma mulu ukakhuta madzi mpweya sulowanso, tizilombo tabwinoto timafooka n'kulowa tina tosafuna mpweya, ndi zomwe zachitika panopa, milu yazizira ikununkha ngati mazira ovunda, madzi akuda akuyenderera kupita kumsewu ndipo chakudya cha mbewu chikupita nawo. Masese ndiye ovutitsitsa poti amabwera onyowa kale.

Kampani ina inatilonjeza malata ndi lole yotutira, anabwera kudzajambula zithunzi, mpaka lero zii.

Sitinakhale manja lende. Makolo aumba njerwa, afumu apereka mitengo, ana akulu akutembenuza milu ndi makasu akaweruka. Chatikanika ndi malata, misomali, simenti, mawilibala, mafoloko ndi pulasitiki wakuda wofundikira pomwe tikudikira kumanga.

Kupempha pagulu chonchi kukutichititsa manyazi koma nanga titani. Ambiri a inu timakuonani pa Facebook kuti Mulungu anakukumbukirani, komatu pageti la sukulu ino simunadutsepo chichokereni, pomwe ana akudya phalali ndi a alongo anu omwe. Ngakhale lata limodzi tilandira, onanani ndi aphunzitsi aakulu kapena atcheya a komiti mvula isanatimalize milu yotsalayi.