Mabuku a mekaniki oti mumugulire mwana

Achimwene,

Kuno ku Kasungu tadzuka bwino, kaya inu ku Joni kumeneko? Mwafunsa za mabuku a classical mechanics, gawo la fizikisi lophunzira za mphamvu ndi kayendedwe ka zinthu, oti mwana wathu akagwiritse ntchito ku Zomba, ndipo mwati wina wakuuzani kuti mugule la Goldstein. Chonde limenelo liyambe ladikira.

Sikuti ndi loipa ayi. Linatuluka koyamba mu 1950 ndipo mpaka lero aphunzitsi akuligwiritsabe ntchito, koma analembera anthu amene amaliza kale digiri yoyamba. Chaputala choyamba chomwecho chimangodutsa pa malamulo a Newton mothamanga n'kufika pa ma equation a Lagrange. Mwana wongochoka kumene ku MSCE akalitsegula amayamba kudziona ngati mbuli, pomwe vuto n'lakuti masamu ake sanafike pamenepo. Kabuku ka Landau ndi Lifshitz nakonso musanyengeke nako poona kuchepa: masamba ake sakwana 200, koma mzere umodzi ungamudyere tsiku lonse.

Chaka choyamba musawononge ndalama. University Physics, Volume 1 ya OpenStax ndi yaulere pa intaneti, atha kuikopera pafoni n'kusindikiza machaputala amene akuphunzira okha. Ngati mwapeza Halliday ndi Resnick yakale pamtengo wabwino, tengani. Fizikisi yake sinasinthe, kungoti manambala a mafunso amasiyana ndi a mabuku atsopano, ndiye azifananiza ndi la mnzake asanalembe homuweki.

Chimene ayenera kuchigwira m'chaka chimenechi ndi kujambula mphamvu zonse zimene zikugwira chinthu asanalembe nambala iliyonse. Tengani thumba la chimanga la makilogalamu 50 lili pa thabwa lokwezera katundu m'lole, thabwalo litapendekeka madigiri 30. Kulemera kwake ndi 50 kuchulukitsa ndi 9.8, ndiye 490 N (N ndi newton, muyeso wa mphamvu). Mbali imene ikulikokera kumunsi kwa thabwa ndi 245 N, imene ikukanikiza thabwa ndi 424 N. Ana ambiri amalemba kuti thabwa likukankha ndi 490 N, poti anazolowera za pansi posapendekeka. Kwina kumene amagwa ndi pa friction, mphamvu yoletsa chinthu kutsetsereka. Tinene kuti coefficient yake, nambala yosonyeza kugwirana kwa thumba ndi thabwa, ndi 0.7: akachulukitsa ndi 424 amapeza 297 N n'kunena kuti ndiyo friction. Ayi ndithu, amenewo ndi malire chabe. Thumba likangokhala phee, friction ndi 245 N basi, yongokwanira kuliletsa kutsetsereka. Akasokoneza pamenepa, yankho lake limasonyeza thumba likukwera lokha m'lole.

Buku loti mugule ndi ndalama zanu ndi Classical Mechanics la John R. Taylor, la mu 2005. Limafotokoza modekha, silidumpha masitepe, ndipo limamutenga mwana kuchokera pa Newton mpaka pa Lagrange ndi Hamilton. Chaputala 6 chimaphunzitsa calculus of variations, kenako chaputala 7 n'kubweretsa ma equation a Lagrange. Asadumphe chaputala 6, apo ayi azidzangoloweza kuti L = T − U (kinetic energy kuchotsapo potential energy) osadziwa kumene yachokera. Asanaliyambe akhale atadziwa ma vector, integration ndi ma differential equation osavuta, makamaka ya chinthu chogwedezeka pa sipuling'i.

Calculus yake ikalimba msanga, An Introduction to Mechanics la Kleppner ndi Kolenkow, lomwe linachokera ku MIT mu 1973, ndi lonola mutu kwambiri, makamaka pa polar coordinates ndi zinthu zozungulira. Za Lagrange mulibemo. Introduction to Classical Mechanics la David Morin la mu 2008 ubwino wake ndi mafunso okhala ndi mayankho olembedwa mwatsatanetsatane, ndipo kuvuta kwa funso amakusonyeza ndi nyenyezi, imodzi mpaka zinayi. Mumuuze kuti azilimbana ndi funso payekha kaye asanatsegule kumayankho, chifukwa yankho lowerenga limaoneka lophweka mpaka tsiku la mayeso. Achenjerenso akamasakaniza mabuku: ngodya imene Kleppner amailemba θ, Taylor amailemba φ, ndipo potential energy ena amati U, ena V.

Pakadali pano, asanapite kusukulu, ayeze g, 9.8 uja wa mphamvu ya dziko yokokera zinthu pansi, pakhomo pompano. Amange nati yolemera ku ulusi, kutalika mita imodzi kuchokera pa msomali mpaka pakati pa natiyo, osati pamwamba pake. Aikokere pambali pang'ono, osapitirira madigiri 10, n'kuwerenga maulendo 20 opita ndi kubwera pa wotchi ya pafoni. Apeza masekondi pafupifupi 40, ndiye ulendo umodzi ndi masekondi awiri, ndipo g = 4π²L/T² (apa L ndi kutalika kwa ulusi, T ndi nthawi ya ulendo umodzi) impatsa nambala yoyandikira 9.8. Akaikokera mpaka madigiri 30, nthawi ya ulendo imatalika ndi pafupifupi 1.7 peresenti ndipo g imatuluka yochepa, chifukwa fomulayi imadalira kuti ngodya ikhale yaing'ono.

Mukagula la Taylor lakale, onani kuti masamba a mafunso kumapeto kwa chaputala chilichonse alimo onse. Mulikulunge m'pulasitiki musanalipereke kwa a basi, mvula ingalinyowetse m'njira. Mundipatsire moni alamu ndi ana.

Ine mnzanu,
wa ku Kasungu